Kalata ya Ukwati ya ku Khoti Laling'ono

Nkhani yathu ya lero ikhudza pepala limodzi limene mabanja ambiri a ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi alibe, ndipo amayamba kulifuna pa tsiku limene kulipeza kwavuta kale. Ndikunena kalata ya ukwati, imene ena amaitcha satifiketi.

Poyamba tiwongole mawu. Mumamva anthu akuti, "Mawa tipita ku khoti kukakwatitsa." Khoti laling'ono, limene pa Chingerezi alitcha Local Court, silikwatitsa munthu ayi. Ukwati wa mwambo umamangidwa kumudzi. Mnyamata afunsira mbeta, akuluakulu a kwawo apita kwa eni mbumba, ankhoswe a mbali zonse ziwiri adziwana, ndipo chimene mwambo ufuna chiperekedwa, kaya ndi chimalo kaya ndi ng'ombe za malowolo. Zimenezi zikachitika ukwati ulipo, ndipo malamulo a Zambia amauvomereza ngakhale pasakhale pepala. Ntchito ya khoti ndiyo kumva umboni wakuti zonsezi zinachitikadi, kuzilemba m'buku, ndi kupereka kalata yokhala ndi chidindo.

Makhoti amenewa ali ndi mbiri yawo. M'nthawi ya atsamunda milandu ya mwambo inkaweruzidwa m'makhoti a mafumu. Mu 1966, patapita zaka ziwiri chilandirire ufulu, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la makhoti aang'ono, ndipo kuchokera pamenepo oweruza ake ndi antchito a Boma. Komabe chimene amaweruzira ndi mwambo wa anthu a m'dera lawo, ndipo pa milandu ya mwambo maloya saloledwa kuimira munthu. Mumadzilankhulira nokha, m'chilankhulo chanu. Ichi ndi chifukwa chokwanira chakuti musaope pakhomo pa khoti.

Tsono pali khomo lachiwiri, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Ukwati wa m'buku la malamulo a ukwati, lija amati Marriage Act, sumangidwa ku khoti laling'ono. Wofuna ukwati umenewu amapita ku khonsolo ya boma lake, kwa mlembi wa maukwati. Kumeneko apereka chidziwitso, ndipo chidziwitsocho chipachikidwa poyera masiku 21, kuti ngati alipo wodziwa choletsa ukwatiwo anene. Masikuwo akatha popanda chotsutsa, mlembi apereka chilolezo, ndipo ukwati uyenera kuchitika isanathe miyezi itatu chiperekere chidziwitso chija, kaya mu ofesi ya mlembiyo kaya m'tchalitchi chovomerezedwa ndi Boma, pamaso pa mboni ziwiri. Amene sanakwanitse zaka 21 afunika chilolezo cholembedwa cha kholo. Kotero mnyamata wa ku Sinda amene akufuna chilolezo chotere akakhala pa benchi ya khoti kuyambira m'mawa, wangotaya tsiku lake la kumunda.

Musanasankhe khomo, dziwani kuti maukwati awiriwa sayenda njira imodzi. Wa mwambo umalola mitala ngati mwambo wa mtundu umenewo ulola, ndipo ukafika pakutha umasudzulidwa ku khoti laling'ono lomwelo. Wa ku khonsolo ndi wa mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi, ndipo ngakhale mfumu kapena khoti laling'ono sangaumasule. Uyenera kupita ku Khoti Lalikulu. Mwamuna amene anasaina kwa mlembi wa maukwati, kenaka n'kukatenga mkazi wachiwiri mwa mwambo, wapalamula mlandu umene chilango chake chingafike zaka 5 m'ndende, ndipo mkazi wachiwiriyo pamaso pa lamulo si mkazi wake. Chimodzimodzinso amene ali ndi mkazi wa mwambo kumudzi sangapite ku Lusaka kukasaina ndi wina. Ndiwonjezenso kuti si ukwati uliwonse wochitikira m'tchalitchi umene uli wa m'buku la malamulo. Kawirikawiri abusa amangodalitsa ukwati wa mwambo umene unamangidwa kale, ndipo kalata ya mpingo ndi umboni wa dalitsolo. Funsani abusa anu momveka kuti pepala limene akupatsani ndi la mtundu uti.

Mwina wina afunsa kuti, ngati lamulo livomereza ukwati wa mwambo wopanda pepala, tivutikirenji? Yankho lili pa ankhoswe. Makolo athu sankafuna pepala chifukwa umboni unali anthu, ndipo anthuwo ankakhala mudzi umodzi moyo wawo wonse. Mkamwini ankalima pamaso pa apongozi ake, ndipo panalibe wofunsa ngati iye ndi mwamuna wa m'nyumbamo. Lero nkhoswe ili ku Kitwe, ina inamwalira, ndipo banja lenilenilo linasamukira ku Chipata kukafuna ntchito. Ofesi ya penshoni, banki, kapena ofesi yoona za anthu olowa m'dziko sadziwa amalume anu. Iwo amafuna choti aone ndi maso.

Tsiku loopsa kwambiri ndi la maliro a mwamuna. Lamulo la 1989 la chuma cha munthu womwalira osasiya wilo limagawa chumacho motere: mwa magawo 100, ana alandira 50, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo a womwalirayo 20, ndipo ena amene ankadalira iye 10. Ngati pali nyumba, wamasiye ali ndi ufulu wokhalamo pamodzi ndi ana kufikira atamwalira kapena atakwatiwanso. Lamuloli silikhudza minda ya m'manja mwa mafumu, koma ng'ombe, ngolo, njinga, chigayo, ndalama za ku banki ndi nyumba ya m'tauni zili m'kati. Tsono taganizani. Magawo 20 aja ndiponso nyumba ija ndi za "mkazi wake". Wachibale wadyera amene akufuna kulanda chuma sayamba ndi kutsutsa lamulo; amayamba ndi kunena kuti, "Uyu sanali mkazi wa mbale wathu, ankangokhala naye." Mayi amene ali ndi kalata ya khoti amaitulutsa, ndipo bodza lotere limasowa poima. Amene alibe ayenera kuyamba kufunafuna mboni ali m'chisoni, ndipo mwina mboni zamoyo ndi abale a anthu omwewo amene akumukana. Kwa ine, bambo amene amati kulembetsa ukwati ndi kusakhulupirirana sanaganizirepo za tsiku limeneli.

Kulembetsako sikovuta. Pitani nonse awiri ku khoti la m'dera lanu, aliyense ndi reji yake. Tengani ankhoswe kapena makolo a mbali zonse ziwiri, nawonso ndi mareji awo, pakuti khoti lifuna kumva kwa iwo kuti mabanja anavomera ndi kuti za mwambo zinaperekedwa. Kalata ya anyakwawa yotsimikiza kuti ndinu a m'mudzi mwawo imathandiza. Ndi bwino kuyamba mwapita kwa kalaliki wa khoti kukafunsa tsiku ndi malipiro ake, kuti musayendetse nkhalamba ulendo wautali pachabe. Ndalama iliyonse imene mupereka, landirani lisiti la Boma.

Musanachoke, werengani kalatayo, kapena mwana wa sukulu akuwerengereni. Dzina lilembedwe monga momwe lilili pa reji. Kwathu kuno munthu mmodzi ali ndi dzina la ubwana, la ubatizo, la mfunda ndi lina la kuntchito, ndipo Tisauke wa pa kalata akakhala Tisawuke pa reji, ofesi ina yakutali idzakubwezani chifukwa cha chilembo chimodzi.

Za msinkhu ndinene mosabisa, makamaka kwa inu aphunzitsi. Kale lamulo linkasiya maukwati a mwambo m'manja mwa mwambo, kotero kuti mtsikana akangotha msinkhu ena ankati wakwana kukwatiwa. Mu December 2023 lamulo la ukwati linasinthidwa: ukwati wa munthu wosakwana zaka 18 ndi wopanda mphamvu, kaya ndi wa ku khonsolo kaya ndi wa mwambo. Kalonga Gawa Undi, ku Mkaika, akhala akudzudzula maukwati a ana kwa zaka zambiri, ndipo tsopano mawu a mfumu ndi a lamulo ndi amodzi. Makolo amene alandira chimalo pa mwana wa Giredi 7 asayembekeze chidindo cha khoti lililonse.

Nanga kalata ikatayika? Chiswe chimadya, madenga amadontha, nyumba zimapsa. Zimene zinalembedwa zimatsala m'buku la khoti limene linapereka kalatayo, ndipo kumeneko ndi kumene muyenera kuyambira, osati ku khoti limene lili pafupi ndi kumene mukukhala lero. Apa anthu a ku Sinda ndi ku Vubwi achenjere. Maboma awiriwa anakhazikitsidwa mu 2012, m'nthawi ya Pulezidenti Michael Sata: Vubwi anachotsedwa ku Chadiza, ndipo Sinda anapangidwa ndi zigawo zochokera ku Katete ndi ku Petauke. Choncho kalata ya makolo anu a kwa Pembamoyo yolembedwa chisanafike chaka chimenecho idzatchula Chadiza, ndipo ya a kwa Nyanje idzatchula Petauke. Sikuti yalakwika, ndipo siinathe mphamvu. Pofunafuna, tchulani dzina la khoti lenilenilo, osati la boma lokha.

Kalaliki adzakufunsani chaka ndi nambala ya kalata. Mukangoti, "Ndine Banda, ndinakwatira Naphiri," mwamupatsa ntchito ya masiku ambiri, pakuti m'mabuku a kuno a Banda ndi a Phiri ali pa tsamba lililonse. Lembani nambalayo ndi tsiku lake pamalo ena, monga m'chikuto cha Baibulo kapena m'kope la mwana wamkulu. Jambulitsani kalatayo, ndipo ina isungidwe kwa abale a mkazi. Kalata ya chisudzulo isungidwenso chimodzimodzi, chifukwa ndi imene idzaonetse kuti ndinu womasuka kukwatira kapena kukwatiwanso.

Mawu otsiriza apite kwa inu a m'malire. Ku Vubwi munthu amayenda pang'ono n'kupezeka ali ku Malawi kapena ku Mozambique, ndipo pa Chanida anthu amadutsa tsiku ndi tsiku. Mtundu ndi umodzi, chilankhulo ndi chimodzi, ndipo ku Kulamba timavinira bwalo limodzi, koma maboma ndi atatu. Ngati mnzanu wa m'banja ndi wa tsidya lina, kalata ya ukwati simusandutsa nzika ya Zambia, koma ndi imene a ofesi yoona za olowa m'dziko adzafune kuona pamene mukumupemphera chilolezo chokhala kuno. Popita ku khoti atenge chiphaso cha dziko la kwawo, ndipo wachibale mmodzi wa kwawoko abwere naye kudzachitira umboni.