MSONKHO UWERENGE ANA ATHU

Mau olankhulidwa kwa anthu anchito a m'makomboni a Kabwe

Nkhani yathu lero ndi ya msonkho ndi ana.

Makolo athu anaudziwa bwino msonkho. Atsamunda anaika msonkho wa nyumba, ndipo munthu wosowa ndarama anasiya munda wace nabwera kudzakumba mtobvu kuno ku Broken Hill. Mu 1935 Boma litakweza msonkho wa anthu okhala ku migodi, anchito a ku Mufulira, Nkana ndi Luanshya anataya nchito, ndipo anthu 6 anaomberedwa nafa ku Luanshya. Msonkho uja unali kuwerenga nyumba ndi mitu ya amuna kuti utenge. Lero tifunsa: kodi sungawerenge ana kuti ubweze?

Ife amene tinagwirapo ukalaliki pa mgodi tidziwa m'mene ndarama idulidwira. Mwa malamulo a 2024, munthu wolandira K5,100 pa mwezi kapena kucepera apo sadulidwa msonkho wa PAYE. Wolandira K7,100 adulidwa K400. Tsono taonani. Mbeta yodya yokha idulidwa K400. Tate wa ana asanu, amene asunganso ana a mlongo wace womwalira, adulidwa K400 yomweyo. Buku la msonkho liona malipiro, koma siliona pakamwa pamene malipirowo apita.

Maiko ena anakonza cinthu ici. Boma linena kuti: pa mwana ali yense tidzakucotserako ndarama zakuti pa msonkho wako. Boma lathu licita kale motero kwa munthu wolemala amene ali pa nchito, cotero njira yace iliko.

Koma apa cenjerani, cifukwa pali msampha. Kucotserako msonkho kuthandiza yekhayo amene akhoma msonkhowo. Mgodi wathu unatsekedwa mu 1994, ndipo ciyambire caka cimeneco ndi angati m'makomboni muno amene alandira pepala la malipiro pakutha pa mwezi? Mai wogulitsa tomato pa msika, mnyamata woswa miyala, mlonda wa usiku, onsewa safika pa K5,100. Mukawauza kuti tacotsako msonkho wanu, mwawapatsa mbale yopanda nsima. Komabe iwo akhoma msonkho tsiku ndi tsiku, pakuti pa sopo ndi pa nsapato za mwana wa sukulu pali VAT, K16 pa K100 iri yonse.

Cifukwa cace mau athu ndi awa. Thandizo la mwana likhale limodzi kwa onse. Wodulidwa PAYE amcotsereko pa msonkho wace, ndipo wosadulidwa alandire ndarama yomweyo m'manja.

Si maloto ai. Ku America mu 2021 anacita zimenezi: mpaka madola 3,600 pa caka kwa mwana wosakwana zaka 6, ndi 3,000 kwa wamkulupo, ngakhale kholo silikhoma msonkho. Ana osauka, amene anali pafupifupi 10 mwa 100 ali onse mu 2020, anatsika kufika pa 5 okha. Lamulolo linatha caka comweco, ndipo mu 2022 anakweranso kupitirira 12. Ana ndi omwewo, makolo ndi omwewo. Cinasintha ndi lamulo. Ku Britain anayamba mu 1946 kupatsa masheleni 5 pa sabata kwa mwana ali yense kupatula woyamba. Ku South Africa anayamba mu 1998 ndi R100 pa mwezi.

Wina adzati, amenewo ndi maiko olemera. Cabwino, tiyeni tibwerere kwathu. Mu 2003 Boma linayamba kuyesa ku Kalomo kupatsa ndarama nyumba zosaukitsitsa. Mu 2010 linayamba ku Kalabo, Kaputa ndi Shangombo kupatsa pafupifupi K60 pa mwezi nyumba zokhala ndi mwana wosakwana zaka 5, ndipo ndarama inaperekedwa kwa mai. Akatswiri anatsata nyumbazo zaka zingapo. Anapeza kuti anthu anayamba kudya kawiri kapena katatu pa tsiku, ana anapeza nsapato ndi zopfunda, nyumba zinagula nkhuku ndi mbuzi, ndipo amai ambiri anayamba malonda.

Timva anthu ena alikunena kuti ndarama zotere zidzathera ku mowa, ndi kuti akazi adzabala dala kuti alandire. Akatswiri aja anafufuza zonse ziwiri, ndipo sanapeze mowa woonjezereka kapena mimba zoonjezereka. Cimene anapeza cosakondweretsa ndi ici, kuti ndarama yokha siinathetse kupinimbira kwa ana. Pafunikanso madzi abwino ndi cipatala capafupi. Ticinene cimeneci poyera, kuti tisalonjeze anthu zimene ndarama siingathe.

Lero thandizo la Social Cash Transfer lafika m'maboma onse, koma lisankha nkhalamba, olemala, odwala kwambiri, ana odzilera okha ndi akazi olera okha ana atatu kapena oposa. Ncabwino ndithu. Koma nyumba imene muli tate ndi mai, onse amphamvu koma odya za maganyu, itsala kunja pamodzi ndi ana ace. Ciwerengero ca Boma ca 2022 cinaonetsa kuti anthu 60 mwa 100 m'Zambia ndi osauka, ndipo ca 2018 cinaonetsa ana 35 mwa 100 osakwana zaka 5 ali opinimbira.

Kuno ku Kabwe bvutoli liri pawiri. Fumbi la mtobvu likali m'mabwalo mwathu, ndipo madokotala anena kuti mwana wa njala thupi lace limwa mtobvu wambiri koposa la mwana wokhuta. Mtobvu uononga nzeru. Sukulu yakhala yaulere kuyambira mu 2022, inde, koma mwana wolowa m'kalasi ndi mimba yopanda kanthu ndi mtobvu m'magazi adzamva ciani? Dzira, kapenta ndi mkaka pa nyumba ya ku Kasanda ndi mankhwala.

Nanga ndarama zidzacokera kuti? Thumba la Boma liri ndi malire, tidziwa. Cotero tiyambe ndi ana ang'ono osakwana zaka 5, pakuti cimene mwana ataya pa zaka zimenezo sicibwereranso. M'mera mpoyamba. Ndarama ipite kwa mai kapena kwa iye amene amphikira mwanayo.

Tsono nchito yathu ndi iyi, abale. Coyamba, lembetsani mwana ali yense kuti akhale ndi cikalata ca kubadwa, cifukwa mwana wosalembedwa Boma silimuona. Caciwiri, ngati nyumba yanu kapena ya mnansi wanu iyenera kulandira thandizo limene liripo, pitani ku ofesi ya Social Welfare mukafunse, musacite manyazi. Cacitatu, Nduna ya Cuma iwerenga bajeti ku Nyumba ya Malamulo caka ndi caka, ndipo isanatero ipempha maganizo a anthu. Tiuze makhansala athu, aphungu athu ndi atsogoleri a mabungwe a anchito kuti atengere mau awa ku Lusaka. Akabwera kudzapempha mavoti, tiwafunse funso limodzi: kodi pa msonkho umene tikhoma, gawo la mwana ndi zingati, ndipo mwana wa munthu wopanda pepala la malipiro adzalandira bwanji?