Zaka za Mwamuna Sitiziwerenga mu Kanema

A Wapampando, aphunzitsi athu amene mwatilemekeza pobwera, ndi inu anzanga amene tinkalimbirana nyemba zofumbwa ku dayiningi, ndakupatsani moni nonse.

Atandiuza kuti ndidzayankhule, ndinakonza zokamba za penshoni, poti ambirife tili m'boma ndipo imvi zayamba. Anandisinthitsa maganizo ndi mwana wanga wamkazi wa Folomu 3. Tsiku lina anandipeza ndikuonera Pretty Woman, filimu ya mu 1990 ija ena a ife tinkathawira kukaonera ku vidiyo sho (a hedi mundikhululukire, mlanduwo unatha ntchito). Anayang'anitsitsa, kenaka anafunsa: "Adadi, bambowa si amsinkhu wanu? Nanga mtsikanayu?"

Ndinakafufuza. Filimuyo ikutuluka, Richard Gere anali ndi zaka 40, Julia Roberts 22. Ndaionera kambirimbiri, koma sindinawerengepo zaka 18 zimenezo.

Sizinayambe ndi iwo. Mu Sabrina ya mu 1954, Humphrey Bogart anali ndi zaka 54, Audrey Hepburn 25. Mu As Good as It Gets ya mu 1997, Jack Nicholson anali ndi 60, Helen Hunt 34, ndipo onse awiri analandira mphoto ya Oscar. Chifukwa chake nchamalonda: mwamuna wotchuka ku Hollywood amapatsidwabe mbali ya wokondedwa mpaka dazi, pamene mkazi amasinthidwa ndi wina wamng'ono. Mu 2015 Maggie Gyllenhaal anaulula kuti ali ndi zaka 37 anamuuza kuti wakula kwambiri, sangakhale chibwenzi cha mwamuna wa zaka 55.

Koma imene yandisowetsa tulo ndi Charade ya mu 1963. Cary Grant anali ndi zaka 59, Hepburn yemwe uja 34. Grant anachita manyazi, anaona kuti anthu amuseka akamathamangira mkazi wamng'ono chotero. Ndiye olemba anakonza nkhaniyo kuti mkaziyo ndiye azimufuna, iye azikanakana. Zaka sizinasinthe ayi, anangosuntha mlandu kuuika pa mkazi. Ife oonera timaseka, ndipo munthu akamaseka sawerengera. Anzanga, si mawu omwewo amene timamva kwa zidyamakanda zoimika galimoto kuseri kwa mpanda wa sukulu? "Ndi iyeyo amandivutitsa."

Tsono tembenuzani. Mu The Graduate ya mu 1967, Anne Bancroft anasewera ngati mayi wamkulu wonyengerera mnyamata, chonsecho anangoposa Dustin Hoffman ndi zaka 6. Mu The Idea of You ya mu 2024, mayi wa zaka 40 akondana ndi woimba wa zaka 24, ndipo filimu yonse nkhani yake ndi yomweyo: miseche, manyazi, mwana kusekedwa kusukulu. Wamkulu akakhala mwamuna, palibe amazitchula.

Musanditenge molakwa. Sindikuweruza mabanja a anthu. Mayi akunyumba kwanga omwe ndimawaposa ndi zaka zingapo, ndipo akhala apowa akundiyang'ana. Roberts ndi Hepburn anali akuluakulu, osati ana amene Nyumba ya Malamulo inawateteza mu 2017 posintha malamulo aakulu a dziko kuti ukwati uziyambira zaka 18. Chondivuta ine nchakuti mu Pretty Woman ndi Sabrina wamkuluyo ndi yemwenso ali ndi ndalama, galimoto ndi ofesi, ndipo filimu imatiuza kuti mtsikanayo wachita mwayi. Ifetu tsopano ndife a maofesiwo. Atsikana ofuna ntchito amagogoda pa zitseko zathu.

Filimu itatha mwana uja anandifunsanso: "Munthu wa zaka 40 atabwera pakhomo pano ine ndili ndi 22, mungamulandire?" Ndinamuuza kuti akawerenge, mayeso ayandikira. Anaseka nkupita, koma ndikumudziwa, holide ikubwerayi adzandifunsanso.