Mayi amene anaweta kuwala kwa laser

Ambirife tinamvapo kuti kunjaku madokotala amachita opaleshoni ya diso ndi kuwala, osagwira mpeni. Si nthano ayi. Lero ndikuuzeni kumene zinachokera.

Laser ndi kuwala kowongoka, kosabalalika ngati kwa tochi. Tina timagulitsidwa pamsika, tija ana amalozerana kadontho kofiira. Chonde asamaloze m'maso, timawononga. Laser yoyamba inayaka mu 1960, koma akatswiri anafika pokanika. Ankafuna kuwala kong'anima kanthawi kochepetsetsa koma kwamphamvu zedi. Akati awonjezere mphamvu, kuwalako kunkaswa chipangizo chowonjezera mphamvucho.

Mu 1985, Mayi Donna Strickland a ku Canada, ali wophunzira pa yunivesite ya Rochester ku America, anapeza njira pamodzi ndi mphunzitsi wawo, Bambo Gérard Mourou a ku France. Inu oweta ng'ombe mumva msanga. Ng'ombe zikakwera zonse pamodzi pa ulalo wa mitengo, ulalo uthyoka. Ndiye mumazindandalika, ziwoloke imodziimodzi, tsidya linalo n'kuzisonkhanitsanso. Iwonso anatero. Kuwala kuli ndi mitundu ngati ya utawaleza, ndipo m'chingwe cha galasi mitundu ina imathamanga kuposa inzake. Choncho anakudutsitsa m'chingwe chachitali kuti kutambasuke, anakuwonjezera mphamvu kuli kotambasuka, kenaka n'kukupanikizanso. Kungoti ulalo wawowu umanenepetsa ng'ombe iliyonse yowoloka!

Sizinayende myaa. Chingwe chawo chinali cha makilomita 2.5, koma atalowetsa kuwala, mbali inayo sikunatuluke kanthu. Chinali chitaduka pakati, ndipo anagwiritsa ntchito makilomita 1.4 otsalawo.

Nanga diso likubwera pati? Kuwala kotereku kukalunjika pamalo amodzi, kamalo kameneko kamasanduka plasma. Musaope dzinali. Plasma ndi mpweya umene watentha mpaka tizidutswa take tamasuka n'kuyamba kunyamula magetsi. Mumaiona m'chiphaliwali, m'dzuwa, ngakhale pa moto wobiriwira uja wa owotcherera zitsulo. M'diso plasmayo imakhala kadontho kosaoneka, ndipo poti kuwala kwazima kale, kutentha sikufalikira m'mbali. Madontho ambirimbiri otere akandandalikana, pamakhala podulidwa bwinobwino.

Zimenezinso anazidziwa mwangozi. Mu 1993, wophunzira wina wa a Mourou pa yunivesite ya Michigan anaombedwa ndi laser m'diso. Dokotala pomupima anadabwa kuona bala losalala chotero, ndipo ganizo la opaleshoni linayambira pomwepo. Anthu mamiliyoni athandizidwa nayo, makamaka osaona patali. Koma ndi yodula, ndipo si nthenda iliyonse ya maso imene imafuna laser. Agogo a ng'ala apite ndithu kuchipatala, ng'ala imachotsedwa bwino ndi opaleshoni wamba.

Mu 2018 a Strickland ndi a Mourou analandira mphotho ya Nobel, pamodzi ndi a Arthur Ashkin. A Strickland anali mayi wachitatu kuilandira pa physics, pambuyo pa Marie Curie mu 1903 ndi Maria Goeppert Mayer mu 1963. Chimene chimandigwira mtima ine n'chakuti pepala la 1985 lija linali loyamba kulisindikiza pa moyo wawo, ali ndi zaka 26.

A pampando, ndaima pomwepa. Amene ali ndi mafunso afunse.