Mphoto ya Pachaka kwa Akatswiri a Kadyedwe

Mawu amene anayankhulidwa pa msonkhano wathu wa pachaka mu mzinda wa Blantyre

Ndikuthokoza komiti pondipatsa mpata uno. Andichenjeza kuti ndisapitirire mphindi khumi chifukwa chakudya chapsa kale, ndipo poti nkhani yanga ndi ya chakudya chomwecho, ndiyesetsa kumvera.

Amene tinali pasukulu m'zaka za m'ma 1990 sitingaiŵale mbale zathu zija: nsima ya mgaiwa ndi nyemba, masana ndi madzulo, anankafumbwe tikuwakankhira pambali ndi supuni. Tinkadandaula kuti chakudya sichikoma, tinkadandaulanso kuti chachepa. Koma sindikumbukira aliyense wa ife akufunsa ngati chakudyacho chinali kumanga thupi. M'kalasi tinaloŵeza magulu atatu a zakudya kuti tikhoze mayeso, kenaka tinawasiya m'kope momwemo. Ana athu lero akuphunzira magulu asanu ndi limodzi: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Ife makolo awo, ikakwana 12 koloko, timatsika m'maofesi a mu Victoria Avenue kukaima pa chiwaya, tchipisi m'dzanja ili, botolo la zotsekemera m'dzanja ilo.

Chimene chandiimika pano ndi ngongole. Chaka chatha bambo anga, amene anapuma pantchito ndipo amakhala ku Bangwe, anawapeza ndi matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Tsiku lomwelo aliyense pamtundu pathu anasanduka dokotala. Azakhali anati asiyiretu nsima. Anansi anati azimwa madzi a nimu. Ine, ndi digiri yanga, ndinawaletsa zipatso zonse. Pakutha pa miyezi iŵiri thalauza linkawavuka, ndipo m'maŵa wina anagwa pakhomo. Shuga anali atatsikitsitsa, chifukwa ankamwa mankhwala koma osadya.

Kuchipatala, adokotala atamaliza mbali yawo, kunabwera mayi wachitsikana atanyamula kope. Anakhala pansi n'kufunsa bambo chimene amadya podzuka, amene amawaphikira, msika umene amagulako ndiwo, ndi ndalama zimene amakhala nazo pamwezi. Kenaka anajambula mbale papepala. Theka lake anati likhale masamba monga bonongwe, chisoso, nkhwani kapena mpiru. Theka linalo analigaŵa paŵiri: kwina nsima ya mgaiwa yosaposa chibakera chawo, kwina nyemba, usipa kapena dzira. Anati mchere uchepe, tiyi akhale wopanda shuga, ndipo asamadumphe chakudya pamene akumwa mankhwala. Anafotokoza kuti mgaiwa umakhala ndi gaga amene ufa woyera unataya pokonola, ndipo gagayo ndi wofunika kwa munthu wa shuga. Zonse zimene anatchula zimapezeka mu msika wa Limbe. Anzanga, mgaiwa ndi nyemba zimene tinkatukwana zija ndi zimene zadzutsa bambo anga.

Atachira ndinanyamula tambala kukathokoza adokotala. Mayi uja, ngakhale dzina lake sindinafunse. Ndimachita nazo manyazi mpaka lero.

Iyeyo ndi mmodzi wa akatswiri a kadyedwe ka odwala, amene pachizungu amati dietitian. Ntchitoyi ndi yatsopano kwathu kuno. M'chaka cha 2016 ndi pamene sukulu ya ukachenjede ya LUANAR ku Bunda, mogwirizana ndi College of Medicine ya muno mu Blantyre, inayamba kuphunzitsa akatswiri otere m'dziko momwe muno. Zisanatero, wofuna ntchitoyi ankayenera kukaphunzira kunja. College of Medicine ija inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing m'chaka cha 2021 n'kukhala KUHeS, ndipo maphunziro a kadyedwe akuperekedwanso kumeneko.

Ntchito imene ikuwadikira ndi yaikulu ndithu. Kafukufuku wa boma wa 2010 anapeza kuti ana 47 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Wa 2015 ndi 2016 anapeza 37. Chiŵerengero chinatsika, komabe mwana mmodzi mwa atatu ndi wambiri, ndipo kupinimbira kumakhudza ubongo womwe, osati msinkhu wokha. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba: masiku 1,000 oyamba, kuchokera pamene mayi waima mpaka mwana atakwanitsa zaka ziŵiri, ndiwo amakonza kapena kuwononga zambiri. Kumbali ya ife akuluakulu, kafukufuku wa 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Tikaŵerengana atatuatatu m'holo muno, nkhaniyi ndi yathu.

Mzinda wathu uno uli ndi mbiri pankhani imeneyi. Ku chipatala cha Queen Elizabeth kuli Moyo House, kumene amagoneka ana onyentchera kwambiri. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Dr Mark Manary ndi anzake anayesa muno mu Blantyre njira yochizira ana otere ali kwawo, powapatsa chiponde chosakaniza mtedza, mkaka waufa, mafuta, shuga ndi mavitamini. Chipondechi sichilira kuphika kapena kuthira madzi, choncho mayi amatha kudyetsa mwana kunyumba osasiya ana ena ndi munda. Mu 2004 anakhazikitsa bungwe la Project Peanut Butter, ndipo njirayi ikugwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri. Koma ndani mwa ife angatchule dzina la namwino kapena mlangizi mmodzi wa Chimalaŵi amene anayeza ana aja sabata ndi sabata?

Kunja kuno anazindikira kale kuti ntchito yosayamikidwa imazilala. M'chaka cha 1986 Norman Borlaug anayambitsa mphoto ya pachaka ya World Food Prize. Mu 2016 inapita kwa akatswiri anayi, mwa iwo Maria Andrade wogwira ntchito ku Mozambique ndi Robert Mwanga wa ku Uganda, chifukwa cha mbewu zokhala ndi michere yambiri monga mbatata yofiira m'kati, yopatsa vitamini A. Ndi mbatata ya mtundu umenewu imene kwathu kuno timaidziŵa ndi maina monga Zondeni ndi Kadyaubwerere.

Bungwe lathu lakhala likuyamikira ana okhoza bwino mayeso a MSCE ndi odziŵa mpira, ndipo tipitirize. Pempho langa ndi lakuti tiwonjezere mphoto ziŵiri za pachaka. Yoyamba ipite kwa katswiri wa kadyedwe amene wagwira ntchito yooneka m'zipatala za mzinda uno, kuyambira chachikulu mpaka zazing'ono za ku Ndirande, Zingwangwa, Chilomoni, Limbe ndi Bangwe. Yachiŵiri ikhale thandizo la fizi kwa mwana wa sukulu yathu amene wasankhidwa kukaphunzira za kadyedwe. Mwana amasirira ntchito imene waona anthu akuiombera m'manja.

Ena anena kuti anthuŵa amalandira malipiro, nanga mphoto ndi yachiyani? Inenso ndine wa m'boma, ndipo ndikudziŵa kuti malipiro amafika chimodzimodzi kwa wolimbikira ndi kwa wosiya jekete pampando. Chimene chimasoŵa ndi wina woona kusiyana kwake. Ena aopa kuti mphoto idzagwera achibale a komiti. Mantha amenewo ndi oona, ndipo tiwatsekere khomo kuyambira lero. Maina azichokera kwa odwala, owadikirira ndi anamwino a m'mawodi. Osankha akhale anthu a ntchito yomweyo, osati ife. Wolandira akhale wophunzira ntchitoyi ndi wovomerezeka ndi boma, kuti tisadzapereke chikho kwa wogulitsa mankhwala ochepetsa thupi pa WhatsApp.

Za ndalama musade nkhaŵa. Aliyense wa ife atapereka mtengo wa mbale imodzi ya tchipisi ndi nkhuku pamwezi, thumba lidzakwana, ndipo mitima yathu idzapumako mafuta. Ine ndayamba kale: envelopu yanga ili ndi a Msungichuma. Ndalonjezanso kubwerera kuchipatala kuja sabata ino kukafunsa dzina la mayi uja, kuti likhale loyamba m'bokosi la maina.

A Tcheyamani, ndikupempha kuti nkhaniyi iloŵe m'zokambirana za lero ndipo tiivotere tisanabalalike. Pokatenga chakudya, yambani ndi masamba.