Mwezi ukadumpha, musadikire mimba ioneke

Zikomo ankhoswe a mbali zonse ziwiri, zikomo makolo amene mwatsika kuchokera ku Misuku, ena ku Wenya, ena ku Kameme. Kuno ku Chitipa ziyankhulo n'zambiri, wina Chilambya, wina Chisukwa, wina Chindali, choncho ndilankhula Chichewa kuti mawa pasapezeke wonena kuti sanamve. Ana anga, mwambo mukuudziwa, anankungwi anamaliza kale mbali yawo. Za ndalama sinditalikitsa: mutu umodzi susenza denga, kaya ndi ya khofi kaya ya chimanga, muziwerengera limodzi. Za achibale a mnzanu, ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Ine ndaimirira pa nkhani imodzi imene pa ukwati timaizemba chifukwa cha manyazi, chonsecho nthungululu zonsezi zikuyembekezera yomweyo. Ndikunena za mimba yoyamba. Bambo mkwati, musayang'ane pansi, nkhaniyi ndi yanunso.

Mimba imadziwika isanaoneke. Chizindikiro chachikulu ndi kudumpha mwezi: tsiku limene mayi amasamba lafika, sabata yadutsa, palibe kanthu. N'chifukwa chake inu mayi, kuyambira mwezi uno, muzichonga tsiku loyamba kusamba pa kalendala ya pakhoma kapena mufoni, pakuti funso loyamba la namwino lidzakhala lakuti munasamba liti komaliza, ndipo masabata 40 a mimba amawerengedwa kuchokera tsiku limenelo. Zina zimabwera mwakachetechete. Mawere amalemera n'kumapweteka, nsonga zake zimada. Thupi limalefuka, tulo masanasana ngati munagona kumaliro. Kukodza kumachuluka, malovu amadzaza mkamwa, nseru imabwera m'mawa kapena nthawi ina iliyonse. Usipa wa ku Karonga umene dzulo munkanyambita nawo zala, lero ukangogwa m'mafuta mwathawira kuseri kwa nyumba. Bambo, tsiku limenelo musadzati akazi anu ayamba matama kapena ulesi. Tengani chikombe mutembenuze nokha usipawo, simufa ayi.

Apa ndilimbitse mawu. Kufooka ndi nseru kwathu kuno timathamangira kunena kuti ndi malungo, munthu n'kukagula mapiritsi pa golosale, wina n'kumufulira zitsamba zoti atsuke m'mimba. Zimenezo lekani. Miyezi itatu yoyamba ndi imene ziwalo za mwana zimaumbidwa, ndipo msana ndi ubongo zimayamba kupangika mwezi woyamba weniweni, mayi asanatsimikize n'komwe kuti waima. Mankhwala omwa mwachisawawa ndi kachasu zimawononga nthawi imeneyo. Kutentha thupi si chizindikiro cha mimba. Kukabwera, kayezetseni malungo ndipo muwauze adokotala kuti mwadumpha mwezi, kuti asankhe mankhwala oyenera. Komanso si kudumpha konse kumene kuli mimba, pakuti matenda, nkhawa ngakhale jakisoni wolera zimasokoneza masiku. Chothetsa makani ndi kachipangizo koyezera mkodzo, kamene kamayankha m'mphindi zochepa. Safunsa anadya phula.

Mukatsimikiza, pitani kusikelo miyezi itatu isanathe. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2016 kuti mayi woyembekezera aonane ndi azaumoyo kasanu n'katatu, ulendo woyamba masabata 12 asanakwane. Koma kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lino wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa amayi 100, pafupifupi 24 okha ndiwo anayamba sikelo m'miyezi itatu yoyamba. Enawo anadikira kuti chitenje chiyambe kuthina. Taonani zimene anachedwa nazo: mapiritsi oonjezera magazi, neti yoteteza ku udzudzu, katemera wa kafumbata, kuyezedwa kuthamanga kwa magazi, kuyezedwa chindoko, chimene chimapha mwana m'mimba pomwe mankhwala ake alipo. Fansida woteteza ku malungo amayamba mimba ikalowa mwezi wachinayi, ndiye wofika mwezi wachisanu n'chimodzi wataya kale mbali ya chitetezocho. Ndipo kuyambira 2011 Malawi inatsogolera mayiko ena poyambitsa ma ARV kwa mayi aliyense woyembekezera wopezeka ndi HIV, kuti mwana abadwe wopanda kachilombo. Akayamba msanga, mwanayo amatetezeka kwambiri.

Ndikudziwa zimene azakhali ena akunong'onezana kumbuyoko. Akuti mimba yaing'ono sailengeza, anthu oipa mtima angaimange. Sinditsutsana ndi kusunga chinsinsi. Palibe akukuuzani kuti mukaime pa msika wa pa Boma n'kumauza aliyense wodutsa. Abiseni anthu a pachitsime, abiseni anzanu a pa Facebook. Koma anthu awiri sabisidwa: mwamuna wanu ndi namwino. Namwino ntchito yake imamulamula kusunga chinsinsi, ndipo buku la kuchipatala limalowa bwinobwino m'kachikwama, palibe woona. Ena akuti mtengwa sapita kusikelo apongozi asanauzidwe ndi kumulanga. Ulemu umenewo ndi wabwino, apatseni. Koma inu apongozi, ndikupempheni pamaso pa anthu onsewa: mwambo uthamange kuti upezane ndi sikelo, sikelo isadikire mwambo. Ng'ombe za malowolo zinamanga ubale wa mabanja awiri, sizinagule moyo wa mwanayu kuti uzidikira chilolezo cha munthu.

Palinso onena kuti agogo athu ankabereka ana khumi osaponda pachipatala. N'zoona, ndipo amene akunenawo ndi ana a amayi amene anapulumuka. Amene anapita ndi uchembere sali pano kuti ayankhe, koma mudzi uliwonse umadziwa manda awo. Boma poletsa azamba kubereketsa amayi mu 2007 silinkanyoza agogo athu. Linaona kuti kutaya magazi kwambiri kapena mwana wopingasa sizitheka ndi manja okha.

Dandaulo limene ndimalimvetsa kwambiri ndi la mtunda. Msewu wa phula wochokera ku Karonga unafika pa Boma, koma wa ku Nthalire kapena wa kumapiri a Misuku amadziwa mmene dzinja limachitira ndi misewu, ndipo njinga yamoto imafuna ndalama. Komatu mtunda womwewo ndiwo ukukukakamizani kudziwa msanga. Nthawi zina mimba imakhala munjira ya mazira, kunja kwa chiberekero, ndipo vutoli limaonekera cha m'mwezi wachiwiri: kupweteka kwambiri mbali imodzi ya chinena, kudontha magazi, chizungulire, mwinanso kukomoka. Njirayo ikaphulika magazi amatayikira m'kati, ndipo chomupulumutsa ndi opaleshoni ku chipatala chachikulu pa Boma. Mayi wodziwa kuti wadumpha mwezi, amene mwamuna wake akudziwanso, amanyamuka ola lomwelo n'kukauza adokotala mawu oyenera pakhomo pomwe. Amene anabisa amagona pamphasa akumwa panado, abale akuti ndi m'mimba wamba. Chakudza sichiimba ng'oma, choncho ndalama ya thiransipoti iyambe kusungidwa tsiku limene mwadziwa.

Ndionjezere kamodzi ndisanaiwale. Miyezi ikadutsa mimba osabwera, pasakhale woloza chala mtengwa. Mabanja ambiri amadikira mpaka chaka, ndipo vuto likakhalapo limatha kukhala kwa mwamuna monganso kwa mkazi. Mukayezetse nonse.

Tsono bambo, suti yakukhalani bwino lero, koma ulemu wanu weniweni tidzauona pa benchi ya kusikelo. Mudzaperekeze akazi anu ulendo woyamba, muyezetse magazi limodzi, mumve nokha zimene namwino akunena. Mtolo wa nkhuni ndi ndowa ya madzi muziwalandira. Ndipo inu mayi, mwana wanga wokondedwa, mwezi ukadzadumpha muwauze amuna anu sabata yomweyo, ndipo mwezi wachitatu usadzathe musanaonane ndi namwino. Ankhoswe, mwamva nonse, mudzawakumbutse.