Mwatopa ndi andale ndi atolankhani? Ifenso tatopa, koma tisachoke pabwalo

Mvula ya Glasgow kunjaku ikuchita zake za masiku onse. Ena mwatsikira pa siteshoni ya Hillhead, ena mwayenda wapansi kuchokera ku yunivesite, ndipo ena tikudziwa kuti mwachita kukokedwa ndi amayi anu. Nonse takulandirani. Tilankhula m'Chichewa mwadala. Mawu ena akakudutsani, gwedezani amene mwakhala naye pafupi akuthandizeni, palibe chochititsa manyazi.

Pa misonkhano ingapo yapitayi, ife makolo tinakhala chete n'kumvetsera inu. Zimene munanena zinali zowawa koma zoona. Munati andale a kuno amatikumbukira akafuna wina womuloza chala. Munati andale akumudzi amangosinthana mipando pamene agogo anu akulephera kugula thumba la feteleza. Munatinso nyuzi simuzionanso chifukwa zimakusiyani ndi mtima wolemera. Mtsikana wina anatifunsa kuti, "Ndivoterenji, poti kuno amandifunsa kwathu n'kuti, ndipo ku Malawi amanditchula mzungu?" Funso limenelo ndi limene latisonkhanitsa lero.

Tiyambe ndi kuvomereza kuti simukulakwa. M'chaka cha 2022 chokha, dziko lino linakhala ndi nduna zazikulu zitatu: Boris Johnson, Liz Truss ndi Rishi Sunak. Thandizo lopita kumaiko osauka linachepetsedwa mu 2021 kuchoka pa 0.7 peresenti ya chuma cha dziko kufika pa 0.5 peresenti. Boma linasintha mu July 2024, ena tinaganiza kuti mwina zibwerera mwakale, koma mu February 2025 Keir Starmer analengeza kuti lidzatsikanso kufika pa 0.3 peresenti pofika 2027. Manambala amenewa amaoneka ang'onoang'ono pa pepala, koma kwathu amasanduka mankhwala osowa kuchipatala ndi makalasi osamangidwa. Kuyambira mu March 2024, anthu obwera kudzagwira ntchito yosamalira okalamba analetsedwa kubwera ndi mabanja awo. Ena mwa azakhali anu akusambitsa makolo a anthu ena kuno, ana awo akukulira pa foni ku Ndirande ndi ku Area 25.

Ndiyeno kumbukirani za ku Southport. Pa 29 July 2024 ana aakazi atatu anaphedwa mwankhanza. Maola ochepa asanathe, pa intaneti panadzaza bodza loti wakuphayo anali Msilamu wofuna malo othawirako amene anangofika kumene pa boti. Zipolowe zinabuka m'mizinda ingapo ku England ndi ku Belfast, mahotela ogona anthu othawa kwawo n'kuukiridwa. Zoona zake zinali zoti mnyamatayo anabadwira ku Cardiff. Koma zimenezi zitadziwika, ena anangosintha nyimbo n'kuyamba kunena za kumene makolo ake anachokera. Ambiri a inu munamva bwino tanthauzo lake: kwa anthu ena, kubadwira kuno sikukwanira. Sabata imeneyo ife makolo tinkakuimbirani foni kawirikawiri kufunsa kuti muli kuti. Mantha amenewo sitinawaiwale.

Kumudzi nakonso mtima unatisweka. Pa 3 February 2020 khoti linathetsa chisankho cha pulezidenti cha mu May 2019, chija cha Tipp-Ex, ndipo pa 23 June 2020 anthu anavotanso n'kusankha Lazarus Chakwera. Tinavina m'makhitchini mwathu muno mu Glasgow. Kenaka anabwera mizere ya mafuta a galimoto, kusowa kwa ndalama zakunja, ndi kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023. Pa 16 September 2025 anthu anabwezeretsa Peter Mutharika, wa zaka 85, yemwe anamuchotsa zaka zisanu m'mbuyomo. Kaya munakondwera kaya munakhumudwa, funso lanu ndi lomveka: m'dziko limene anthu ambiri ndi achinyamata, n'chifukwa chiyani nkhope pa chikalata chovotera zimakhala zomwe zija? Ndipo ife okhala kunja, amene timatumiza ndalama mwezi ndi mwezi, tilibe njira yovotera tili kuno. Wofuna kuvota ayenera kukwera ndege kawiri, kukalembetsa ndi kukaponya voti.

Za atolankhani, tili ndi nkhani yathu. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo anthu oposa 1,000 anamwalira m'dziko lonse. Kwa masiku ochepa Malawi anaoneka pa wailesi ya kanema kuno. Mtolankhani wa nyuzipepala ina anatiimbira foni kufunsa ngati tingamupezere munthu amene wataya abale ake, woti angajambulidwe. Tinamuuza kuti tilinso ndi anamwino ndi mainjiniya amene angafotokoze chifukwa chake nyumba zinamangidwa m'mbali mwa phiri, ndiponso zimene achinyamata a ku Blantyre ankachita pofukula anzawo ndi makasu. Anati atiimbiranso. Mpaka lero foniyo sinalire. Patatha milungu iwiri nkhani inazimiririka, pamene anthu anali akugonabe m'masukulu.

Koma tisamangoloza ena. Ife makolo anu tili ndi mlandu wathu, ndipo dzina lake ndi gulu la banja la pa WhatsApp. Pa 10 June 2024, ndege imene inanyamula wachiwiri kwa pulezidenti Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu itasowa, usiku umenewo tinatumizirana chilichonse chimene chinafika m'manja mwathu. Mawu ojambulidwa a munthu wosadziwika, zithunzi zakale, mphekesera zoti ndege yatera kwinakwake ndipo onse ali bwino. Mawa lake ndegeyo inapezeka itagwa ku Chikangawa, popanda wopulumuka. Ena a inu munatifunsa kuti, "Adadi, zimenezi mwazitenga kuti?" ndipo tinakukalipirani kuti mulibe ulemu. Munkanena zoona. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo usiku umenewo akandimverere tinali ife.

Tsono ngati zinthu zili chonchi, n'chifukwa chiyani tikukupemphani kuti musataye mtima? Chifukwa mbiri ya maiko anu awiriwa ili ndi zitsanzo zimene sanakuphunzitseni kusukulu.

Pa 3 March 1959 boma la atsamunda ku Nyasaland linalengeza kuti dziko lili pangozi. Dr Hastings Kamuzu Banda ndi anthu mazanamazana anamangidwa, ndipo anthu oposa 50 anaphedwa, ambiri a iwo ku Nkhata Bay. Boma linauza anthu a ku Britain kuti Amalawi anakonza chiwembu chopha azungu, nkhaniyo n'kulembedwa m'manyuzipepala. Koma kuno ku Scotland kunali anthu amene ankadziwa Amalawi ndi maina awo, kudzera m'mamishoni a Blantyre ndi Livingstonia. Msonkhano waukulu wa Church of Scotland chaka chimenecho unalankhula poyera kuikira kumbuyo anthu akuda a ku Nyasaland. Mu July chaka chomwecho, komiti yofufuza yotsogozedwa ndi woweruza Patrick Devlin inanena kuti sinapeze chiwembu chopha azungu monga boma linkanenera, ndipo inati dzikolo linkalamulidwa ndi mphamvu za apolisi. Kamuzu anatulutsidwa mu April 1960. Bodza linali ndi boma kumbuyo kwake, koma linagwa chifukwa anthu wamba m'mipingo ya dziko lino anakana kulimeza.

Kamuzu yemweyo atalamula, anatseka pakamwa pa aliyense. Ife tinakula ndi wailesi imodzi ya MBC, popanda wailesi ya kanema mpaka 1999, ndipo wofuna kumva zoona ankatchera BBC motsitsa mawu, mazenera atatseka. Mlembi wa ndakatulo Jack Mapanje anakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Kenaka pa 8 March 1992 kalata ya mabishopu a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi. Inali kalata chabe, koma pa 14 June 1993 Amalawi anavotera ndale za zipani zambiri. Tikamakukakamizani za kuvota, dziwani kuti ena mwa ife tinaima pamzere tsiku limenelo, ndipo tikukumbukira mmene miyendo inkanjenjemera.

Zitsanzo zina zili pafupi kwambiri. Mu 2005 atsikana asanu ndi awiri a pa Drumchapel High School, amene anadziwika kuti Glasgow Girls, anayamba kulimbana ndi mchitidwe wogwira mabanja a othawa kwawo m'bandakucha, mnzawo atatengedwa ndi banja lake. Anali ana asukulu, ocheperapo kuposa ambiri a inu, koma nkhani yawo inafika ku Nyumba ya Malamulo ku Holyrood. Mmodzi wa iwo, Roza Salih, anasankhidwa kukhala khansala wa mzinda uno mu 2022. Pa 13 May 2021 mu Kenmure Street ku Pollokshields, anthu oyandikana nyumba anazinga galimoto ya olowa ndi kutuluka imene inanyamula amuna awiri. Munthu wina anagona pansi pa galimotoyo kwa maola ambiri, ndipo madzulo ake amunawo anamasulidwa. Ngakhale dera lino la Hillhead lili ndi phunziro lake. Mu March 1982 anthu a kuno anasankha Roy Jenkins wa chipani cha SDP chimene chinali chitangoyamba kumene, n'kulanda mpando umene chipani cha Conservative chinaugwira kwa zaka zambiri. Mu 1987 anamuchotsanso n'kuika George Galloway. Anthu a m'misewu yomwe mwadutsa pobwera kuno asonyeza kale kuti mpando ulibe mwini.

Tsopano tinene zoti tichite, poti kudandaula kokha sikuphika nsima.

Choyamba, lembetsani m'kaundula wa ovota. Kuno ku Scotland mukhoza kulembetsa muli ndi zaka 14, n'kuvota muli ndi zaka 16 pa chisankho cha Holyrood ndi cha makhansala. Kuyambira mu 2020, aliyense amene ali ndi chilolezo chokhala m'dziko muno angathe kuvota pa zisankho ziwirizi, kaya ali ndi pasipoti ya dziko liti. Pa chisankho cha Westminster pamafunika zaka 18 ndi chiphaso chokhala ndi chithunzi, ndipo popeza Malawi ali mu Commonwealth, makolo anu amene ali ndi pasipoti ya Malawi ndi chilolezo chokhala kuno nawonso ali ndi voti. Ambiri sadziwa. Mukabwerera kunyumba afunseni, ndipo muwathandize kulemba fomu. 

Chachiwiri, dziwani okuimirani. Aliyense wa inu ali ndi aphungu asanu ndi atatu ku Holyrood: mmodzi wa dera lanu ndi asanu ndi awiri a chigawo. Onse ali ndi udindo wokumverani, ngakhale simunawavotere. Ku Nyumba ya Malamulo komweko kuli gulu la aphungu a zipani zosiyanasiyana loona za Malawi, ndipo ubale wa maboma awiriwa unasainidwa mu November 2005 ndi Jack McConnell ndi Bingu wa Mutharika. Nthawi zambiri akamakambirana za Malawi, m'chipindamo Amalawi amakhala owerengeka, ndipo achinyamata obadwira kuno amakhala ochepa koposa. Mipando imeneyo ndi yanu.

Chachitatu, tisinthe mmene timadyera nkhani. Musanatumize kanthu, funsani kuti wanena ndani, wanena liti, ndipo ndani wina wanenanso. Nkhani ya kumudzi iyang'aneni ku Zodiak, ku The Nation ndi ku Times musanaikhulupirire. Ife makolo tikulonjeza pamaso panu kuti mukatifunsa kumene tatenga nkhani, tidzayankha osakwiya. Mukaona wailesi ikunamizira anthu athu, dandaulani ku Ofcom, ndipo nyuzipepala zambiri zili pansi pa IPSO. Kumbukiraninso kuti kumudzi kuli atolankhani amene amaika moyo wawo pachiswe. Gregory Gondwe wa Platform for Investigative Journalism anagwidwa ndi apolisi mu April 2022 chifukwa cha nkhani yokhudza ndalama za boma. Tikamati atolankhani onse ndi abodza, timasiya anthu ngati amenewa okha.

Chachinayi, lembani nokha. Ena a inu mukuphunzira zamalamulo, zaumoyo, zojambula mafilimu. Mtolankhani uja amene sanatiimbirenso foni akanakhala mmodzi wa inu, nkhani ya Chilobwe ikanalembedwa mwina.

Tibwerere kwa mtsikana uja amene anatifunsa kuti avoterenji. Akuluakulu amati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo tikudziwa kuti nthawi zina mumamva ngati mwaima pamvula pakati pa Scotland ndi Malawi. Koma Nyumba ya Malamulo ya Malawi inavomereza unzika wa maiko awiri mu December 2018, ndipo malamulo a kuno amakupatsani voti musanamalize n'komwe sukulu. Palibe amene ayenera kukupatsani chilolezo chokhala wa kuno kapena wa kumudzi. Ife sitikuuzani chipani choti muvotere, poti ngakhale ifeyo sitigwirizana, monga mukudziwa mukatimva tikukangana pa tebulo la nsima. Tikungokupemphani kuti dzina lanu likhale m'kaundula, ndipo mawu anu amveke pamene nkhani zathu zikukambidwa.

Kumbuyoko kuli tebulo ndi makompyuta awiri a amene akufuna kulembetsa lero lomwe. Kuli tiyi ndi mandasi, ndipo tikatha kumwa tikhala pansi kuti inu mulankhule, ife timve.