Nchito ya Manja Athu Pamaso pa Mulungu

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mpingo wathu wakwanitsa zaka 50. Chalichi cino cinamangidwa ndi thukuta: madoda anaumba njerwa, amayi anatunga madzi, ena anapereka matumba a cimanga. Anapemphera, nagwiranso nchito.

Ena amati nchito ndi temberero. Koma pa Genesis 2:15 Mulungu anapatsa Adamu munda woti aulime ucimo usanalowe m'dziko. Mtumwi Paulo nayenso ankasoka mahema ku Korinto (Macitidwe 18:3).

Miyambo 6:6-8 itituma kukaphunzira kwa nyerere. Ilibe kapitao, koma imakundika cakudya pa nthawi yokolola. Nanga ife? Timagulitsa cimanga conse mu Meyi pa mtengo wotsika, kenaka mu Januwale n'kucigulanso modula, ana akulira njala. Yambani mwasunga cakudya ca pabanja ndi ndalama ya feteleza, cotsalaco ndiye mugulitse.

Inu amayi a pamsika, meda yanu idzaze bwino, pakuti Yehova amadana ndi muyeso wonyenga (Miyambo 11:1). Inu olemba aganyu, lipirani munthu tsiku lomwelo (Levitiko 19:13). Inu a mu ofesi, fikani pa nthawi yake ngakhale abwana palibe.

Musaiwalenso kupumula. M'caka ca 50 Aisraeli ankaleka kufesa kuti nthaka ipume (Levitiko 25). Tsiku la Ambuye tsekani kantemba, bwerani ndi ana tidzapembedze.

Ambuye adalitse nchito ya manja anu. Amen.